Mayi Ozella Ankati Adya Kale

Ku Tolliver munthu akamwalira, uthenga unkafika kwa abusa, kenako kwa Mayi Ozella Tubbs. Achipongwe ankati nthawi zina unkayambira kwa Mayi Ozella, poti abusa angathe kulalikira osakonzekera, koma anthu ochokera kumanda sungawadyetse mavesi. Mayiwa ndiwo ankaphika pamaliro onse a mpingo wathu, m'kakhitchini ka kuseri kwa tchalitchi. Anali aatali, ojintcha, ndipo akaitana munthu mmodzi ali pakhonde, ankavomera anthu atatu. Milamba yawo yokazinga, therere, mpiru wophika ndi nyama ya nkhumba ndi chigumu chawo zinkaiwalitsa anamfedwa kulira kwa kanthawi. Panali madoda ena amene sankaphonya maliro, ngakhale a munthu amene sanapatsanepo naye moni.

Anabadwira m'minda ya thonje kunja kwa tauni, kumene bambo awo ankalima pamalo a mzungu n'kumagawana naye zokolola. Umphawi unalipo wosachita kufunsa, koma kuseri kwa nyumba kunali dimba la khobwe, mbatata ndi masamba, khola la nkhumba ndi nkhuku zodzisakira zokha. Makina atabwera, manja a anthu anatha ntchito. Mabanja anasamukira m'tauni, m'tinyumba ta lendi, pamalo poti mvula ikagwa madzi amagona pabwalo mpaka kubala udzudzu. Ozella analowa ntchito pafakitale ya milamba akadali mtsikana. Anaima pamenepo mpeni uli m'manja, mapazi ali m'madzi ozizira, mpaka imvi zinamera ndipo zala zinapindika osawongokanso. Fakitaleyo itatsekedwa, anabwerera kunyumba ndi kapenshoni kosanunkha kanthu ndi matenda a shuga.

Kwathu kuno ku Mississippi shuga sitimutchula monong'ona. Timafunsana za iye ngati tikufunsa za m'bale: "Shuga wadzuka bwanji lero?" Mayi awo a Ozella anamwalira atadulidwa kale miyendo yonse iwiri. Azakhali awo anachita khungu. Ukaima pakhomo la tchalitchi Lamlungu, umaona ndodo zambiri kuposa ana.

Komatu dothi lathu ndi lakuda bii, loti njere ikagwa imamera usanatembenuke. Minda ya soya, chimanga ndi thonje yazungulira tauni mpaka pomwe maso alekezera, koma zonsezo zimakwera magalimoto akuluakulu n'kupita kwina. Sitolo yokhayo imene inkagulitsa masamba, zipatso ndi nyama yaiwisi inatseka patangopita nthawi pang'ono fakitale itagwa. Kunatsala kasitolo ka pomwetsera mafuta, kogulitsa nkhuku yokazinga, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera, ndi kena ka zinthu zotchipa kodzaza ndi zam'zitini. Wofuna kabichi ankafunika galimoto, mafuta ndi theka la tsiku.

Mayi Ozella ankakhala ndi mlongo wawo wamng'ono, dzina lake Cleon. Iyeyu moyo wake wonse anathera pachiwongolero cha thiraki, akudya za m'mbali mwa msewu, mpaka shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinapangana n'kumuphera impso. Mkazi wake anali atasiyana naye kalekale. Anafika kwa achemwali ake ndi chikwama chimodzi ndi kawailesi, akuti wabwera kudzacheza pang'ono, ndipo sanachokenso. Katatu pasabata galimoto ya chipatala inkamutenga kupita naye ku tauni yaikulu kukatsukidwa magazi pamakina. Ankabwerako ali ngati chovala chofinyidwa, koma pakamwa pokha sipankatopa.

"Achemwali, makina aja ndiwakwatira basi," ankatero akukwera masitepe movutika. "Ndi okhawo amene amandigwira mkono tsiku lonse osandifunsa komwe ndinagona."

"Iwe, takhala pansi usanagwe," Mayi Ozella ankayankha. "Ukwati wa chiyani, munthu wogonja kwa masitepe?"

Madokotala anali atawauza zoyenera kudya. Cleon ankafunika mazira, nkhuku ndi nsomba, zopanda mchere, ndipo zam'zitini asaziyandikire. Mayi Ozella ankafunika masamba, kudya panthawi yake, ndi kudzibaya jakisoni wa shuga tsiku lililonse. Malangizowo anali abwino, ndipo onse awiri ankawadziwa pamtima. Vuto linali kumene zinthuzo zichokere.

Nyumbayo inkadalira khadi la chakudya lija boma limapereka kwa osowa, limene limadzazidwa kumayambiriro kwa mwezi. Likangodzazidwa, mnzawo wa kumpingo, Mayi Earline Moss, ankaliza kagalimoto kawo kokalamba n'kupita nawo ku tauni yaikulu. Ankabwerako ndi makabichi, maapulo, mazira ndi nkhuku, ndipo masiku oyambirirawo m'nyumba munkanunkhira. Mwezi ukafika pakati, masamba anali atatha kapena kufota. Ukamapita kothera, m'khitchini munkatsala timazira, tizidutswa ta nkhuku mufiriji, buledi woyera ndi bokosi la thandizo lochokera kumpingo, lodzaza mpunga ndi zitini za mchere wokhawokha.

Apa Mayi Ozella ankachita zimene alongo aakulu amachita. Mazira ndi nkhuku zinali za Cleon. Iwo ankadya buledi ndi tiyi wotsekemera kuti m'mimba mukhale chete, ndipo buledi akatha unkatsala tiyi yekha. Cleon akafunsa chifukwa chimene mbale ili imodzi patebulo, yankho linali lokonzeratu.

"Ndadya kale ndikuphika. Unamva kuti wophika anafa ndi njala?"

Anali ndi mwana wamkazi, Lavette, wokhala ku Chicago ndi ana ake ndi mavuto ake. Akaimba foni, mayi ake ankangoti, "Tili bwino, mwanangu, Mulungu ndi wabwino," n'kuyamba kufunsa za sukulu ya zidzukulu.

Ku chipatala Mayi Ozella ankapita tsiku lomwelo logula zinthu kapena litangodutsa, poti mafuta ankapezeka nthawi imeneyo. Choncho ankafika kumeneko atadya zolipirira njala ya masiku apitawo, shuga ali m'mwamba. Amene ankawaona anali Namwino Pugh, mtsikana wobadwira konkuno, wofatsa ndi wokonda ntchito yake.

"Mayi Tubbs, shuga wakweranso, ndipo sikelo nayo ikudandaula," anawauza tsiku lina. "Chepetsani buledi ndi zotsekemera. Adokotala ati mankhwala tiwonjezere pang'ono. Jakisoniyo musamadumphitse, mwamva?"

"Ndamva, mwanangu."

Akananena chiyani? Munthu wa thupi ngati lawo akati amagona ndi njala, ndani sangaseke? Komanso iwo anali Ozella Tubbs, wodyetsa tauni yonse. Anamanga pakamwa, n'kumvera lamulo limodzi lokhalo limene akanatha kulimvera mwezi wonse: jakisoni sankadumphitsa, kaya adya kaya sanadye.

Chilimwe chimenecho Cleon anayamba khalidwe lachilendo. Ankadya pang'ono n'kukankha mbale.

"Izi ndiye chiyani, achemwali? Nkhuku imeneyi inafa ndi chisoni? Mchere mulibe, mafuta mulibe. Chotsani, ine ndakhuta."

"Wadya theka lokha, iwe."

"Theka linalo idyani ndinu, mulaweko zimene mukundizunza nazo."

Mawu amenewa ankawalasa mumtima Mayi Ozella. Anthu ankanyambita zala ndi kuphika kwawo, lero m'nyumba mwawo momwe akunyozedwa ndi munthu amene anamubereka kumbuyo ali khanda. Koma ankati ndi matenda akumuyankhulitsa. Ankavundikira mbaleyo n'kuiika mufiriji, nthawi ya chakudya china ikakwana n'kuitenthetsa, n'kumupatsanso. Iye n'kusiyanso theka. Kachidutswa kamodzi ka nkhuku kankayenda maulendo pakati pa firiji ndi tebulo mpaka kuuma ngati chikopa.

Kumapeto kwa Ogasiti kunamwalira Bambo Purvis, amene ankatsogolera kwaya. Nawonso anali a shuga, ndipo mtima ndi umene unawamaliza. Tsiku la maliro kunatentha kuyambira m'mawa. Mayi Ozella anadzibaya jakisoni, anamuphikira Cleon dzira lomaliza, anavala diresi yawo yoyera ya amayi a mpingo n'kupita ku tchalitchi m'mimba muli tiyi yekha. Mumtima ankati akalawa kena kake kukhitchini.

Atafika anapeza zinthu zitavuta. Bambo Purvis anali munthu wa anthu, ndipo achibale anabwera magalimoto odzaza kuchokera m'mizinda yakutali. Zakudya zimene amayi anasonkha zinali zochepa, poti mwezi unali kutha m'nyumba iliyonse. Mayi Ozella anayang'ana mapoto, anayang'ana khamu la panja, n'kuyamba kudula milamba tizidutswa ting'onoting'ono. Lamulo lawo amayi onse ankalidziwa: ophika sadya anamfedwa asanadye. Tsiku limenelo analigwiritsa kwambiri, ndipo anayamba ndi iwo eni.

Anthu akubwera kuchokera kumanda, thukuta linali likuyenderera pankhope pa Mayi Ozella, diresi itamatirira kumsana. Palibe anadabwa, poti aliyense m'khitchinimo anali thukuta kamukamu. Koma manja anayamba kunjenjemera, ndipo supuni inawapulumuka kawiri. Kenako anakalipira mtsikana wina wogawa mbale ndi mawu oti sanawatulutsepo m'nyumba ya Mulungu.

"Ozella, takhalani pansi kaye," anatero Mayi Earline. "Kutenthaku kukupwetekani."

Mayi Ozella anawayang'ana ngati sakuwadziwa. "Amayi, nkhumba zija mwazipatsa madzi?" anafunsa.

"Nkhumba ziti? Ndine Earline, inu!"

Mayi Ozella anatembenuka. Ananyamula thireyi ya chigumu, anayenda pang'ono kulowera kuholo kumene anthu ankadyera, miyendo n'kuwakana. Anagwa pakhomo penipeni, chigumu chili mbwee pansi.

Mwamwayi Namwino Pugh anali pamaliropo, chifukwa malemuwo anali amalume ake. Anakankha anthu, anagwada, n'kugwira khungu la Mayi Ozella, limene linali lonyowa ndi lozizira pakutentha ponsepo.

"Si dzuwa ili, shuga watsika! Ndipatseni uchi kapena shuga, msanga! Madzi ayi, angatsamwe."

Anawapaka uchi m'kati mwa tsaya ndi m'nkhama. Anthu anazungulira, ena milomo ikugwedera ndi pemphero. Patapita kanthawi maso anatseguka bwino. Namwinoyo anawadzutsa pang'ono, n'kuwamwetsa madzi a malalanje pang'onopang'ono mpaka nzeru zinabwerera.

"Mayi Tubbs, jakisoni mwabaya lero?"

"Ndabaya. Sindidumphitsa ine."

"Nanga mwadya chiyani?"

Mayi Ozella anayang'ana nkhope zonse zimene zinawazungulira. "Ndadya kale," anatero motsitsa.

"Akunama!"

Anali Cleon. Anali atadzikoka kuchokera pampando wake, atatsamira ndodo.

"Akunama amenewa. Lero sanadye, dzulo sanadye. Mwezi uliwonse ukamatha amakhalira tiyi. Achemwali, mumayesa ndine wakhungu? Maso ndiwo okha atsala ogwira ntchito m'thupi muno! Nkhuku ija ndinkasiya, mumayesa ndinkaida? Ndinkasiyira inu, nkhutukumve inu! Inu n'kumaibweza mufiriji, n'kumandipatsanso, mpaka nkhuku imodzi tinkadziwana nayo ngati mnansi."

Mayi Ozella anamutembenukira.

"Ndiye unkanyoza kuphika kwanga dala?"

"Nanga ndikanati idyani, mukanadya?"

Wina anaseka kumbuyo, kuseka kothera m'misozi. Cleon anakhala pabenchi n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mayi Earline anadzaza mbale, ndipo mkazi wa malemu, ali m'zovala zake zakuda, anailandira n'kudzaiika yekha pamiyendo pa Mayi Ozella.

Namwino Pugh anawaperekeza kunyumba. M'galimoto anawauza kuti jakisoni wobaya m'mimba mopanda kanthu angathe kupha munthu msanga kuposa shuga wokwera. Anayankhula ndi adokotala, mankhwala anasinthidwa, ndipo Mayi Ozella anaphunzitsidwa zochita tsiku limene chakudya chachepa. Kuyambira pamenepo namwinoyo anayamba kufunsa odwala ake onse funso limene kale silinkafunsidwa, loti kodi chakudya chimafika kumapeto kwa mwezi. Ambiri ankayamba ayang'ana kaye kuchitseko asanayankhe.

Thupi linachira msanga, koma manyazi anakana. Mayi Ozella anasiya kupita kutchalitchi. Ankatseka makatani, ndipo foni ikalira ankamutuma Cleon kukanena kuti agona. Kwa iwo, kugwa sikunali kanthu. Chowawa chinali choti tauni yonse yadziwa za m'poto mwawo.

Mayi Earline anapirira masabata angapo, kenako anangofika n'kulowa osagogoda.

"Mwadzikwirira muli moyo? Tiuzeni tiitane abusa."

"Ndisiyeni, Earline. Ndikayang'ana bwanji anthu?"

"Anthu ake ati? Ine?" Mayi Earline anakoka mpando n'kukhala. "Tsiku lija ndinabwera ndi kambale kamodzi ka nyemba. Mukuyesa unali umbombo? Zidzukulu zanga zikamadya, ine ndimatsuka mapoto n'kumaimba nyimbo kuti zisamve m'mimba mwanga. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndimamwa lero, mawa ayi, kuti akwane. Akazi a malemu Purvis andiuza zomwezo, kuti amuna awo ankadya zitini za mchere akudziwa kuti zikuwapha. Nanga akanadya chiyani?"

Mayi Ozella anasisita zala zawo zopindika.

"Ndiye tonse takhala tikunamizana pabenchi imodzi," anatero, "zipewa zokongola zili kumutu."

"Zipewa zake zodula, m'mimba muli mphepo."

Onse awiri anaseka mpaka Cleon anakuwa ali kuchipinda kuti odwala akufuna kugona.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, Mayi Ozella anaimirira asanaitanidwe. Anagwira benchi ya kutsogolo kwawo.

"Abale ndi alongo, mumandidziwa. Tsiku lija sindinagwe ndi dzuwa, ndinagwa ndi njala. Ndipo ndamva kuti si ine ndekha muno. Ndaphika m'khitchini muja zaka zonsezi, koma nthawi zonse pamakhala bokosi la maliro. Ndikufunsa, kodi mpaka wina afe kuti tidyere pamodzi?"

Kenako gogo wina wa pabenchi ya kutsogolo anati "Ameni," ndipo ena anatsatira.

Umu ndi mmene chinayambira chakudya cha Lachitatu. Mwezi ukamapita kothera, aliyense ankabwera ndi chimene chatsala m'nyumba, kaya anyezi awiri, kaya khobwe wa m'kapu, ndipo Mayi Ozella ankaziphatikiza kukhala chakudya. Zam'zitini ankazitsuka kaye ndi madzi kuti mchere uchoke. Mkulu wa mpingo wina anapereka kamunda kouma bwino pafupi ndi manda, n'kubwera ndi thirakitala yake kudzagaula, ndipo amayi anadzala mpiru, therere ndi kabichi. Minibasi ya mpingo inayamba kupita ku tauni yaikulu pakati pa mwezi. Ku chakudya cha Lachitatucho amayi ankabwera poyera. Abambo ankabwera ndi hamala m'manja, akuti adzakonze chitseko, ndipo chitseko chimenecho chinakonzedwa mwezi uliwonse osatha.

Sikuti matenda anathawa. Sitolo sinatsegulidwenso, ndipo chakudya cha tsiku limodzi sichingafafanize zimene zaka zalemba m'thupi. Koma kunyumba kwa a Tubbs mbale zinakhala ziwiri patebulo. Chochepa chinkagawidwa pakati onse akuona, ndipo Cleon sankayamba kudya asanaone supuni ikulowa m'kamwa mwa achemwali ake. Masaya ake anabwererako pang'ono. Ankapita nawo kumunda n'kukhala pampando pansi pa mtengo, n'kumauza olima kuti mizere yawo yakhota.

Cleon anamwalira chaka chotsatira, therere litangoyamba maluwa. Anabwera kuchokera kumakina masana monga mwa masiku onse, anapempha kuti amutsegulire wailesi, anakhala pampando wake pakhonde, ndipo Mayi Ozella potuluka ndi madzi akumwa anapeza wapita.

Miyezi ingapo pambuyo pake Mayi Ozella anaponda kawaya kumunda osamva kanthu, poti mapazi anali atachita dzanzi kalekale. Anazindikira ataona magazi m'sokosi. Chilondacho chinakana kupola, ndipo madokotala anadula zala ziwiri. Diso lakumanzere nalo linali litayamba chifunga.

Ndipamene Lavette anabwera. Mayi Earline anali atamuuza zonse pafoni, kuyambira za tiyi mpaka za kugwa pamaliro. Analowa m'chipinda cha chipatala maso ali psuu.

"Amayi, zaka zonsezi mumandiuza kuti muli bwino. Ndine mwana wanu kapena mlendo?"

"Unali ndi ana ako oti udyetse."

"Ndinalinso ndi amayi anga! Longedzani, tikupita."

Anakana, anakangana, analira, koma nyumba yopanda Cleon inali itakula, ndipo phazi silinkalola kuima nthawi yaitali. Masamba a mitengo akuyamba kugwa, anakwera galimoto ya mwana wawo. Amayi a mpingo anawanyamulira thumba la mpiru wa m'munda muja.

Ali ku Chicago konko mpaka lero, m'kachipinda ka pamwamba, moyang'anana ndi njanji. Shuga wawo akuti wakhazikika. Amadandaula za kuzizira, ndiponso kuti anthu akumeneko sapereka moni. Sabata yoyamba Lavette anapita nawo kusitolo ya pafupi, yoyenda wapansi. Mayi Ozella anauza Mayi Earline pafoni kuti anapeza masamba ataunjikidwa mpaka m'mapewa, akuwazidwa timadzi ngati mvula yowaza, ndipo anangoima atagwira kangolo koikamo zogula, osatola kanthu, mpaka mwana wawo anawagwedeza. Ankaganiza za Cleon.

Lachitatu lomaliza la mwezi amaimba foni m'mawa. Mayi Earline amaiika pashelefu ya m'khitchini, pakati pa mabotolo, kuti onse azimva.

"Mwabwera angati? Khobweyo munanyika dzulo?"

"Tinanyika, Ozella."

"Nanga ndikumva kukazinga uko n'chiyani? Ndani wathira mafuta ambiri choncho?"

"Mukumva mafuta muli ku Chicago?"

"Ndikumva. Tsanuliraniko ena m'kapu. Ndipo Earline, musanayambe kugawa, khalani pansi mudye kaye. Ndidikira pafoni pompano."